Mwala wa a Muuse

Alamu anga amasema miyala ya pamanda. Ntchitoyi anaiyamba asanakwatire mlongo wanga, ndipo ndikanadziwa kuti sadzaisiya ndikanamulangiza mlongo wangayo kuti adikire wina. Shedi yawo ili moyang'anana ndi geti la chipatala cha ana, tsidya lino la msewu. Yanga ili pambali pake. Ine ndimawotcherera zitsulo: mageti, mawindo, mabedi othyoka. Chotilekanitsa ndi khoma la malata, choncho zomwe ndilembe pano ndinaziona kapena kuzimva, ndikufuna kapena ndisakufuna.

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala. Aliyense amawaitana kuti a Muuse, chifukwa cha mawu omwe amatsirizira mwala uliwonse: muuse mumtendere. Ngakhale mlongo wanga akakwiya amati, "A Muuse, nsapatozo panja."

Sanayambe ndi miyala ya pamanda. Ali mnyamata ankaumba masinki a simenti ochapiramo zovala. Masinkiwo sankagulidwa. Tsiku lina bambo wa mnzawo anamwalira, alamu n'kutenga chidutswa cha sinki losweka, kuchisalaza, kulembapo dzina. Anthu a pamaliropo anafunsa kuti wapanga ndani. Kuyambira pamenepo sanaumbenso sinki.

Malo a shediyo sanawasankhe chifukwa cha nkhanza. Pamene ankakhoma malata awo, kutsidyako kunali bwalo lopanda kanthu, mbuzi zikudyapo. Chipatala chinabwera pambuyo. Iwo amakonda kunena kuti, "Ine sindinatsate chipatala. Chipatala ndiye chinanditsata." Palibe amene amawamvera. Mayi akatuluka pa geti ali ndi mwana kumbuyo amawolokera kumtunda kuti asadutse pa miyala. Ena amaphimba mwana kumaso ndi nsalu. A minibasi amaima patsogolo pang'ono. Ine makasitomala anga amandiitanira kumsewu.

Munthuyo payekha alibe choopsa. Ndi wamfupi, wadazi, fumbi la mwala lili m'nsidze ndi m'makutu, wotuwa ngati wagona m'thumba la simenti. Samwa mowa. Sakwiya msanga. Chilema chawo ndi chimodzi: amadana ndi mawu ambiri. Mlongo wanga anamufunsira ndi kapepala ka mawu awiri, "Ndikufuna. Yankha." Iye anayankha masamba anayi, ndipo alamu amati mpaka lero sanamalize kuwerenga.

Anamfedwa amabwera ndi pepala lodzaza mbali zonse. Alamu amawerenga, kenako amachotsa pensulo yomwe imakhala kukhutu n'kuyamba kudula.

"Mwala si kalata," amatero. "Chilembo chilichonse ndi thukuta langa."

Mayi wina anabwera ndi mawu akuti, "Mwamuna wanga wokondedwa, unandisiya ndi ana ang'onoang'ono ndi nyumba yodontha, koma ndakukhululukira." Pamwala panatuluka liwu limodzi: Ndakukhululukira. Mayiyo anati zakhala bwino kuposa momwe ankaganizira, chifukwa abale a mwamunayo akufunsanabe kuti analakwa chiyani.

Timawu ting'onoting'ono ndito amadana nato kwambiri. Ndi, kuti, amene, uwu. Amati ndi nsabwe za chiganizo, ndipo munthu wamaso amadziikira yekha akamawerenga.

Mwana ali naye mmodzi, wamkazi. Anakulira m'shedimo. Kuwerenga anaphunzirira pa miyala, moti kusukulu atamuuza kuti alembe dzina lake, anawonjezera tsiku lobadwa n'kusiya mpata pambali pake. Aphunzitsi anaitanitsa makolo. Anali wanzeru, anapita ku maphunziro a unamwino, ndipo atamaliza anamutumiza kuchipatala chomwechi cha tsidya la msewu. Ife tinayamba kumuitana kuti Namwino.

Asanayambe ntchito anabwera kushedi. Ine ndinazimitsa makina kuti ndimve bwino.

"Ababa, pali nkhani."

"Nena."

"Ndikamadutsa pa geti musamandipatse moni."

Alamu anapitiriza kupukuta mwala.

"Ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe. Koma mayi akamva kuti wobaya mwana wake jakisoni ndi mwana wa a Muuse, aganiza chiyani? Adzati ndikukutumizirani makasitomala."

"Nanga amalume akowa?"

"Amalume amawotcherera mabedi. Palibe amaopa bedi."

"Ndiye ukamadutsa ine ndiziyang'ana kuti?"

"Pa mwala wanu."

Mwanayo sananame. Ndinamvapo ndi makutu anga amayi akunena kuti anamwino ena amadya limodzi ndi ogulitsa mabokosi a maliro. Alamu anavomera, ndipo zinakhala choncho zaka zambiri. Ife a mumsewu tinkadziwa koma tinatseka pakamwa. Kuchipatala ankangodziwa kuti bambo ake ndi mmisiri, ndipo palibe anafunsa kuti mmisiri wa chiyani.

M'mawa Namwino ankatsika minibasi, yunifolomu yoyera, kundikwezera dzanja ine, n'kudutsa bambo ake ngati mtengo wa magetsi. Lamlungu ankabwera kunyumba, kuwachapira malaya, kuwakalipira za mchere wambiri. Lolemba m'mawa alamu ankabwerera kukhala mtengo wa magetsi.

Sankadandaula. Koma nthawi ya minibasi ikayandikira ankasiya hamala n'kuyamba kusesa pakhomo pomwe asesa kale.

"Alamu, mukumba dzenje ndi tsachelo," ndinawauza tsiku lina.

"Samalani zanu, alamu. Geti mukupangalo lapendama."

Chipatalacho chinachepa. Ana ankagona awiri kapena atatu pa bedi, ena pansi pa bedi, amayi awo m'khonde. Ndikudziwa chifukwa mabediwo ankathyoka n'kubwera kwa ine. Ndiye bungwe loyendetsa chipatala linapeza thandizo lomangira wodi yatsopano, ya nsanjika, mbali yoyang'ana kumsewu wathu. Anagwetsa mpanda, anadula mitengo, anabweretsa chimakina chosakaniza simenti chomwe chinkalira tsiku lonse. Malole a mchenga ankatembenukira pakhomo pathu. Fumbi linkagwera pa miyala ya alamu, iwo n'kumapukuta.

Kapitawo wa ntchitoyo anali munthu wamimba, wa chipewa cholimba choyera, wothamanga nthawi zonse ndi foni kukhutu. Ankabwera kwa ine kudzawotcheretsa mawilibala. Alamu anamudikirira tsiku lina pakhomo panga.

"Bwana, masitepe a nsanjikayo ndingakupangireni. Osalala, osaterera."

"Ndinu a shedi iyi?"

"Ndine."

"Madala, ana azikwera masitepe anu akupita kuti?"

Amisiri omwe anabwera ndi wilibala anaseka. Kuyambira tsikulo alamu akaima pamsewu kuonerera ntchito, a pamwamba pa khoma ankakuwa, "Sitinagwe, madala, bwererani!" Iwo ankangoima, manja kumbuyo, n'kundiuza ine kuti njerwa zija sanazinyowetse.

Kenako mwayi unabwera wokha. Kapitawo anafika kwa ine akutukwana. Mwala wa maziko, uja amalembapo za munthu wamkulu, anauitanitsa kutali, ndipo unafika utasweka pakati. Mwambo unali pafupi. Khoma linali litafika kale pa mawindo, chifukwa Wapampando wa bungwe anali kudwaladwala ndipo mwambowo ankangousuntha. Maziko anali atakwiririka kalekale koma mwala wa maziko unali usanaikidwe. Zinthu za akuluakulu zimayenda choncho.

Alamu anamva kudzera pa malata. Anatulukira akupukuta manja.

"Mwala ndili nawo."

Kapitawo anawayang'ana, n'kuyang'ana miyala yomwe inali ndandanda kumbuyo kwawo.

"Madala, ife tikumanga chipatala."

"Mwala ndi mwala, bwana. Sudziwa komwe ukupita."

"Ingatheke sabata ino?"

"Anthu anga sandipatsa nthawi yoposa pamenepo."

Kapitawo analibe kolowera. Anang'amba pepala la thumba la simenti n'kulemba mawu omwe bungwe linagwirizana: Mwala uwu waikidwa pano ndi Wapampando wa Bungwe la Chipatala. Pansi pake tsiku la mwambo.

"Mulembe momwemu. Nkhunda ayi. Maluwa ayi. Ndipo munthu asadziwe kuti wachokera kuno."

"Dzina la wosema limakhala pansi, pakona."

"Ayi."

"Laling'ono."

"Madala, ayi."

Madzulo tikutseka anandiuza chomwe ankafuna, ngakhale ndinali nditachidziwa kale.

"Alamu, mwala umenewu ukhala pakhomapo mpaka ana a ana. Mwana wanga azidutsa pamenepo tsiku ndi tsiku. Tsiku lina adzaima ndi anzake, adzati, uwu anasema ndi bambo anga."

"Kapena sadzatero."

"Ukakhala wokongola adzatero."

Ndinawauza kuti akuwerengera madzi a mphutsi.

M'mawa mwake anatulutsa mwala womwe ankausunga kuseri, wokutidwa ndi bulangeti. Wakuda bii, wosalala ngati galasi. Mlongo wanga atamva anabwera kushedi ndi ukali.

"Si mwala wanu uwo? Uja munati ndi wa pamanda panu?"

"Ndidzapeza wina."

"Mudzaupeza muli kuti?"

"Mayi, pitani kunyumba."

"Ine ndiye musadzandivutitse. Ndidzakuikirani njerwa imodzi, yosawotcha."

Mwalawo unali ndi vuto limodzi. Unadulidwa kuti ukaime pamanda, choncho unali wautali koma wopapatiza. Alamu ankafuna zilembo zikuluzikulu, zoti munthu aziwerenga ali pa geti. Ndinawaona akuyeza ndi chala, akuyang'ana pepala lija, akuyezanso. Kenako pensulo inachoka kukhutu. Pambuyo pake anapachika masaka pakati pa shedi, n'kundiletsa kusuzumira. Ndinkangomva hamala ndi tchizulo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Munthu wina anabwera kudzafuna mwala wa apongozi ake, alamu anamuuza kuti apongoziwo sathawa, abwere mwezi wamawa.

Atamaliza anamata pepala lolimba kumaso kwa mwalawo kuti matope a simenti asaudetse. Kapitawo anabwera ndi wilibala, foni kukhutu. Anatukula kona ya pepala, anaona kuwala, anati, "Eya, ndi umenewu," n'kuthamangira kwina. Amisiri anaumangirira kukhoma pafupi ndi khomo la wodi yatsopano, pepala lili pomwepo. Ine ndinawotcherera kachitsulo kopachikapo nsalu yotchinga. M'mawa wa tsiku la mwambo alamu analowa okha kuseri kwa nsaluyo, anamatula pepala, anapukuta mwala ndi mpango wawo. Choncho wosema yekha ndiye anali atawerenga.

Panali tenti, mipando ya pulasitiki ndi chimkuzamawu chomwe chinkamveka mpaka kumsewu. Madokotala anakhala kutsogolo. Amayi a m'wodi yakale anaima m'mbali, ena ana ali kumbuyo. Ife tinaima kumbuyo kwenikweni, pa mulu wa mchenga. Alamu anavala suti ya ukwati wawo. Mabatani sanakumane.

Wapampando anafika mochedwa. Anali nkhalamba yowonda, yoyenda ndi ndodo, yongotuluka kumene m'chipatala cha akuluakulu. Mphekesera zinali zitawapha kale kawiri. Pambali pawo panali Wachiwiri wawo, munthu wonenepa wa suti yatsopano, amene aliyense ankadziwa kuti mpandowo akuudikira. Popeza Wapampando ankanjenjemera manja, mkulu wa anamwino anasankha namwino mmodzi woti awagwirire maikolofoni ndi kuwagwira pa chigongono akadzandira. Anasankha Namwino wathu. Alamu anandiponda phazi.

"Mwaona? Aima pafupi ndi mwala."

"Ndaona. Chotsani phazi."

Zolankhula zinali zambiri. Kapitawo anathokoza bungwe. Bungwe linathokoza opereka thandizo. Wachiwiri anathokoza Wapampando ndi kuwafunira moyo wautali, akuyang'ana pansi. Ana ena analira, ena anagona. Kenako anati nthawi yakwana.

Wapampando anakoka chingwe. Nsalu inatseguka bwinobwino, kachitsulo kanga sikanakanirire. Mwalawo unawala padzuwa, ndipo anthu anati aaa. Ndinene zoona, sindinaonepo ntchito yokongola choncho kuchokera m'manja mwa alamu. Wapampando anavala magalasi, anayandikira, Namwino n'kuwayandikizira maikolofoni kukamwa. Anawerenga pang'onopang'ono, monga amachitira okalamba.

"Waikidwa pano. Wapampando. Wa Bungwe la Chipatala."

Anaima. Anawerama kuti aone mzere wapansi, pomwe panali tsiku, mwezi ndi chaka.

"Lero?" anatero.

Wachiwiri, amene sankamvetsera, anayamba kuwomba m'manja yekha. Anawomba kangapo asanazindikire. Kuseri kwa wodi yakale mayi wina wochapa zovala anangomva za pa chimkuzamawu, ndipo anayamba kulira maliro. Dokotala wina anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Kapitawo anachotsa foni kukhutu, koyamba chiyambire ntchitoyo.

Namwino anayang'ana mwala. Zilembo zimenezo ndi zomwe anaphunzirirapo kuwerenga, sakanazisokoneza ndi za munthu wina. Anatembenuka, maso ake anadutsa madokotala, anadutsa tenti, anafika pa mulu wa mchenga. Anaiwala chomwe chinali m'dzanja lake.

"Ababa, mwachita chiyani?"

Mawuwo anamveka mpaka kokwerera minibasi. Mitu yonse inatembenukira kwa ife. Ndinamva amayi akufunsana kuti ababa ake ndi ati, wamtaliyo kapena wotuwayo. Wina anati, "Wotuwayo. Ndi a Muuse aja a pa geti."

Alamu anavula chipewa.

"Mwamva, alamu?" anandifunsa.

"Ndamva. Tiyeni tizipita."

"Wanena pa chimkuzamawu."

"Tiyeni, asanatigwire."

Sanasunthe. Anakweza dzanja ngati munthu amene wapambana mpikisano.

Wapampando anati wosemayo abwere kutsogolo. Alamu anayenda pakati pa mipando, mchenga uli m'nsapato, akuweramira uku ndi uku. Ine ndinawatsatira, chifukwa mlongo wanga akanandifunsa kuti ndinali kuti.

"Ndinu mwalemba izi?"

"Ndine, bwana. Bambo wake wa namwinoyu."

"Sindinakufunseni zimenezo."

"Ndangonena, bwana."

"Mwandiika m'manda."

"Ayi, bwana. Mwaika ndinu. Mwala."

"Mwalawo uli pati pamenepa?"

"Ndi umenewu mukuuonawu. Nanga ndilembenso kuti mwala, pamwala? Aliyense akuona kuti si buledi."

Namwino anatseka maso. Wapampando analoza ndi ndodo.

"Werengani."

Alamu anawerenga chamumtima, milomo ikuyenda. Anawerenganso. Mawu akuti waikidwa pano anali atawasema moyo wawo wonse, ndipo m'maso mwawo ankaoneka olongosoka ngati moni.

"Pakusowa 'ndi'," anatero potsiriza. "Sanakwane. Koma munthu wamaso, bwana..."

"Ine maso anga ndi awa, ndipo ndawerenga maliro anga. Muikepo."

Wapampando anapita kugalimoto osamwa tiyi. Wachiwiri anatsala, anadya za onse awiri.

M'mawa mwake alamu anawoloka msewu ndi hamala ndi tchizulo. Mlonda wa pa geti anawatsegulira osafunsa, n'kuwatsatira kuti aonerere. Pakati pa mzere woyamba ndi wachiwiri panali kampata, ndipo m'menemo anasemamo 'ndi' wamng'ono, waudongo. Anapukuta fumbi n'kubwerera m'mbuyo.

"Werengani tsopano."

Mlonda anawerenga mokweza. "Waikidwa pano ndi Wapampando." Anakanda m'mutu. "Ee, madala, tinamva dzulo kuti ndi iwowo. Mwangotsimikiza."

Mkulu wa anamwino atabwera anati poyamba zinali ngati chilengezo, tsopano zili ngati yankho kwa munthu amene wafunsa kuti m'mandamu muli yani. Alamu anati mpata wa mawu ena palibe. Masana omwewo amisiri anaugumula mwalawo. Kapitawo anandipatsa ine ntchito yodula chitsulo chopyapyala, wolemba zikwangwani n'kulembapo ndi penti mawu onse, nsabwe zonse zili momwemo. Chinayamba dzimbiri mvula yoyamba. Mwala wa alamu anakaugoneka chafufumimba pa mpopi wa kuseri, ndipo amayi amachapirapo matewera. Amati ndi wabwino, suwononga nsalu.

Kapitawo sanabwerenso kudzawotcheretsa mawilibala. Mlongo wanga sanawaphikire alamu mpaka mkwiyo utatha, ndipo ankadya kwanga.

Zomwe Namwino ankaopa zinachitika, koma pang'ono. Mayi wina anakana kuti abaye mwana wake, anati aitane namwino wina. Wina anasamutsa mwana pa bedi lomwe Namwino anayala. Akalowa m'wodi manong'onong'o ankayamba. Mkulu wa anamwino anamuitana, anamuuza kuti bambo munthu sasankha, koma maikolofoni aziyang'ana kaye asanatsegule pakamwa.

Kenako amayi aja anaipezera ntchito nkhaniyo. Mwana akakana mankhwala, akalavula, akaluma supuni, mayi ake ankangoti, "Imwa. Ukakana, anamwino aitana bambo awo adzafunse kalembedwe ka dzina lako." Mwana ankameza, ngakhale owawa chotani. Nkhani inafalikira m'mawodi onse. Anamwino anzake anayamba kumuitanira pa mabedi a ana ovuta kuti angoima pamenepo. Wodi yatsopano itatsegulidwa, anamuika kuti aziyang'anira chipinda cha pansi, chomwe mawindo ake amayang'ana kushedi, ndipo amayi ankangoloza pawindo. Alamu akaona kamwana kakusuzumira ankakakwezera dzanja mwaulemu. Kamwanako kankathawira ku bedi n'kupempha mankhwala.

Namwino sizinamusangalatse. Anasiya kubwera kunyumba Lamlungu. M'mawa akatsika minibasi tsopano ankaima pamsewu, kuwayang'ana bambo ake m'maso, kutsonya kuti aliyense amve, n'kulowa pa geti. Alamu ankayankha, "Wadzuka bwanji, mwanawe," iye osacheuka.

Alamu amamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, ndipo ankawabweretsera ndi mwana wawoyo. Atatha, sanauze munthu. Koma Namwino ankadziwa nthawi yake. Tsiku lina masana mlonda anawoloka msewu ndi kabotolo.

"Madala, akuti ndikupatseni."

"Akuti chiyani?"

"Akuti, kapatseni bambo anga, muwauze kuti sindikuwalankhula."

"Wanena ali pati?"

"Pa geti."

"Panali anthu?"

"Odzaza. Ndi nthawi yoona odwala."

"Tabwerezani momwe wanenera."

"Madala, geti ndalisiya lokha."

Mlonda atapita ndinasuzumira pamwamba pa malata. Alamu anali atakhala pa mwala wa apongozi a munthu uja, kabotolo kali m'manja.

"Alamu, mwapindula chiyani? Mwala wanu akuchapirapo matewera. Ana akukuopani kuposa jakisoni. Mwana wanu sakukulankhulani."

"Kale sankandilankhula ngati munthu wachilendo. Pano sakundilankhula ngati bambo ake."

"Kusiyana kwake?"

"Simungamve, alamu. Inu munabereka anyamata okhaokha."